Kodi zithunzi za mitsempha ya m'maso zingatiuze ngati mtima udzachira?

Mayi wina amene akukhala ku Johannesburg wafunsa motere: "Amuna anga, a zaka 57, anadwala heart attack masabata 5 apitawo. Madokotala anatsegula mtsempha umene unatsekeka n'kuikamo kachubu kotchedwa stent kuti usatsekekenso, ndipo atawaunika ndi makina a echo, ojambula mtima ukugunda, anati mtima ukupopa 38 peresenti. Akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 9, komanso BP yawo imakwera. Sabata yatha dokotala wa maso anawajambula mkati mwa maso n'kunena kuti timitsempha tawo tawonda ndipo pena tawonongeka. Mwana wathu wawerenga pa intaneti kuti masiku ano diso limaonetsa mmene mtima ulili. Kodi zimene zapezeka m'maso mwawo zikutanthauza kuti mtima wawo sudzachira? Nanga tilipire kuti awajambule ndi makina atsopano otchedwa OCT angiography m'malo modikira echo yachiwiri?"

Mayi, pepani kwambiri ndi matenda amene agwa pakhomo panu. Mwana wanu sanawerenge bodza, chifukwa ubale wa timitsempha ta m'maso ndi mitsempha ya thupi lonse ndi weniweni, ndipo madokotala akhala akuufufuza kwa zaka zoposa 100. Komabe ubale umenewu sunafike poti chithunzi cha diso chingauze munthu mmodzi, monga bambowa, ngati mtima wake udzapezanso mphamvu. Funso limenelo lidzayankhidwa ndi echo yachiwiri, ndipo ndikukupemphani kuti tsiku lake musaliphonye ngakhale patagwa zotani.

Tiyambe ndi nambala ya 38, pakuti ndikudziwa kuti ndi imene ikukulemerani mumtima. Mtima uli ndi zipinda zinayi, ndipo chimene chimasenza ntchito yolemetsa kwambiri ndi cham'munsi cha kumanzere, chifukwa ndicho chimakankhira magazi m'thupi lonse. Mwa munthu wamkulu wathanzi, chipinda chimenechi chikadzaza chimakhala ndi magazi pafupifupi mamililita 120, ndipo pa kugunda kumodzi chimatulutsa pafupifupi mamililita 70, otsalawo n'kudikira kugunda kotsatira. Gawo lotulukalo ndi limene madokotala amalitcha ejection fraction, ndipo mwa munthu wabwinobwino limakhala pakati pa 50 ndi 70 peresenti. Palibe mtima umene umapopa 100 peresenti, choncho nambala ya 38 sikutanthauza kuti magawo 62 a mtima wa bambo anafa. Ikutanthauza kuti mphamvu ya chipinda chija yatsika ndithu, moti yalowa m'gulu la 40 kupita m'munsi, limene limafuna mankhwala okwanira komanso kuonana ndi dokotala mosadumphitsa.

Nthawi imene nambalayo inatengedwa ndi yofunikanso kuiganizira. Echo yoyamba imachitika m'masiku oyambirira, mtima ukadali wovulala kumene. Mtsempha ukatsekeka kwa maola, mnofu wa pakatikati pa dera losowa magazi umafa, ndipo pamalopo pamadzabwera chipsera chimene sichipopa. Koma m'mphepete mwa deralo mumakhala mnofu wina umene sunafe, wangokomoka chabe, ndipo magazi akabwerera umatenga masiku kapena masabata kuti uyambirenso kufinya bwino. Eugene Braunwald ndi Robert Kloner, madokotala a ku America, analongosola za mnofu wokomokawu mu 1982. N'chifukwa chake malangizo a madokotala a mtima amati munthu amene nambala yake ili pa 40 kapena kucheperapo ayezedwenso pakapita masabata 6 mpaka 12, akumwa mankhwala ake mokwanira. Ngati pa nthawiyo nambala ili pa 35 kapena m'munsi, m'pamene amakambirana zomuika kachipangizo ka pansi pa khungu koteteza ku imfa yadzidzidzi yobwera chifukwa cha kusokonekera kwa kagundidwe ka mtima, ndipo chigamulo chimenechi sichipangidwa pasanathe masiku 40 chichitikireni heart attack. Malire onsewa, a 40 ndi a 35, anakhazikitsidwa poyeza mtima weniweniwo mwa odwala masauzande ambiri, ndipo palibe malangizo a chipatala amene amagwiritsa ntchito nambala ya m'diso popanga zigamulo zimenezi.

Nanga diso likulowa bwanji m'nkhaniyi? Likulowa chifukwa cha vuto limene lavutitsa madokotala a mtima kwa nthawi yaitali. Ganizirani za munda wa mthirira. Madzi amachoka mumtsinje n'kulowa mu ngalande yaikulu, kenako amagawikira m'tingalande ting'onoting'ono mpaka kufika pa phando lililonse. Mitsempha ikuluikulu yoyenda pamwamba pa mtima, yotakata mamilimita 2 mpaka 4, ndiyo ngalande yaikulu, ndipo stent imaikidwa mmenemo. Mnofu wa mtima sumwa mu ngalande yaikuluyo. Umamwa m'timitsempha tosaoneka ndi maso, tina topapatiza kwambiri moti maselo ofiira a magazi amadutsamo limodzilimodzi. Mwa odwala ena, dokotala amatsegula mtsempha waukulu bwinobwino koma magazi osafika ku mnofu, chifukwa timitsempha tija tatupa, taphwanyika, kapena tadzaza ndi tizinyalala tochokera pamalo otsekeka paja, monga mmene matope amatsekera tingalande ngakhale mlimi atakumba bwino ngalande yaikulu. Kloner yemweyo ndi anzake anasonyeza zimenezi pa zinyama mu 1974, ndipo pambuyo pake makina a MRI, ojambula mkati mwa thupi, anaonetsa kuti odwala amene ali ndi vutoli ndi amene mitima yawo imakonda kukula ndi kufooka m'miyezi yotsatira. Chovuta n'chakuti angiogram, chithunzi chimene amajambula poika stent, sichionetsa timitsempha timeneti, pomwe MRI ya mtima ndi yokwera mtengo ndipo imapezeka m'zipatala zochepa. Motero ofufuza anayamba kuyang'ana malo ena m'thupi pamene timitsempha tingaonedwe mosavuta.

Malowo ndi kumbuyo kwa diso. Kuseri kwa kamwana ka diso, mkati mwenimweni, kuli kansalu kopyapyala kolandira kuwala kotchedwa retina, ndipo ndi pamenepa pamene dokotala amatha kuona bwino mitsempha ing'onoing'ono yobweretsa magazi ndi yowabweza, ikugwira ntchito, popanda kucheka paliponse. Ikuluikulu mwa iyo ndi yonenepa pang'ono chabe kuposa tsitsi limodzi la m'mutu, ndipo magazi ake amachokera ku mtsempha waukulu wa m'khosi, womwewo umene umadyetsa ubongo. Hermann von Helmholtz wa ku Germany anatulutsa kachipangizo kounikira mkati mwa diso mu 1851, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800 Marcus Gunn wa ku London analongosola mmene mtsempha wouma wobweretsa magazi umapanikizira wobweza magazi pamene iwiriyi yadutsana. Mu 1939, Keith, Wagener ndi Barker a ku Mayo Clinic anagawa odwala BP m'magulu anayi potengera zooneka m'maso, ndipo a m'gulu lachinayi ambiri sankakhalitsa, pakuti nthawi imeneyo kunalibe mankhwala odalirika otsitsa BP. Mu 1961, Robert Hollenhorst wa komweko analongosola tizidutswa tonyezimira ta mafuta a cholesterol timene timanyotsoka m'mitsempha ya m'khosi n'kukakakamira pamene mtsempha wa m'diso wapanga mphanda.

Ife Amalawi tili ndi chifukwa chathuchathu chokhulupirira diso, ndipo ndimanyadira ndikamachitchula. Ku chipatala cha Queen Elizabeth mu Blantyre, Susan Lewallen, pogwira ntchito ndi Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux, anayamba kufotokoza mu 1993 zizindikiro zimene zimaoneka pa retina ya ana okomoka ndi malungo a muubongo. Kafukufuku wa komweko amene anatuluka mu 2004 anasonyeza kuti mwa ana amene ankaganiziridwa kuti amwalira ndi malungo a muubongo, pafupifupi mmodzi mwa anayi anali atamwalira ndi matenda ena, ndipo kuunika m'maso n'kumene kunkasiyanitsa bwino magulu awiriwa. Koma taonani chifukwa chimene diso linachitira bwino pamenepo. Retina ndi mphukira ya ubongo: mwana akamaumbika m'mimba, iyo imaphuka kuchokera ku ubongo, timitsempha take tili ndi mpanda wofanana ndi ta muubongo, ndipo maselo ogwidwa ndi tizilombo ta malungo amakanirira m'malo onse awiri pa nthawi imodzi. Mtima ndi wachibale wa patali. Timitsempha take timafinyidwa pa kugunda kulikonse, timalandira magazi ambiri pamene mtima wamasuka pakati pa kugunda ndi kugunda, ndipo chimene nthawi zambiri chimayambitsa heart attack ndi chotupa cha mafuta chimene chaphulika pamalo amodzi mu ngalande yaikulu, magazi n'kuundana pomwepo. Kukula kwa chipsera chimene chatsala kumadalira mtsempha umene unatsekeka komanso maola amene anadutsa usanatsegulidwe, ndipo zinthu ziwirizi sizilembedwa pa retina.

Umboni waukulu wakuti maso ndi mtima zimayendera limodzi unachokera ku kafukufuku wa ARIC, amene anayamba mu 1987 m'madera anayi a ku America. Tien Yin Wong ndi anzake anayeza kutakata kwa timitsempha pa zithunzi za maso a anthu oposa 9,000, ndipo mu 2002 analengeza kuti amayi amene timitsempha tawo tinali towonda ankadwala kwambiri matenda a mitsempha ya mtima m'zaka zotsatira, pomwe mwa abambo ubalewo sunaoneke bwino. Mu 2005, gulu lomwelo linapeza kuti anthu amene retina yawo inali ndi zizindikiro za kuwonongeka, monga timadontho ta magazi, anali pa chiopsezo chowirikiza pafupifupi kawiri cha kufooka kwa mtima. Izi ndi zotsatira zolemera, koma ndi za anthu amene anali asanadwale, ndipo zikunena za gulu. Mukasonkhanitsa anthu 1,000 a timitsempha towonda ndi ena 1,000 a timitsempha tabwino, gulu loyamba lidzakhala ndi odwala mtima ochulukirapo, komabe ambiri a m'gulu limenelo sadzadwala, ndipo ena a m'gulu lachiwiri adzadwala.

Tsopano tifike pa makina amene akufuna kuti mulipirewo. OCT inabadwira ku yunivesite ya MIT, ku America, mu 1991, ndipo imagwiritsa ntchito kuwala kuti ijambule retina ngati yadulidwa pakati, zigawo zake zonse n'kumaoneka. OCT angiography, imene inayamba kufika m'zipatala cha m'ma 2014 ndi 2015, imajambula malo amodzimodzi kangapo motsatizana mofulumira kwambiri. Chimene sichikuyenda chimaoneka chimodzimodzi pa zithunzi zonse, pomwe maselo a magazi amene akuyenda amasintha kuwala kobwerera, ndipo kompyuta imatenga kusinthako n'kujambula mapu a timitsempha popanda kubaya munthu mankhwala aliwonse. Nthawi zambiri imaunika kadera ka mamilimita 3 kapena 6 m'litali ndi m'lifupi pakati pa retina, n'kuwerengera kuchuluka kwa timitsempha m'kaderako. Ndi makina abwino kwambiri, ndipo kujambulako sikupweteka.

Mu 2018, Louis Arnould ndi anzake a ku chipatala cha yunivesite ku Dijon, m'dziko la France, anatulutsa kafukufuku wotchedwa EYE-MI, amene ndi woyandikana kwambiri ndi funso lanu. Iwo anajambula ndi makina amenewa maso a odwala oposa 200 amene anagonekedwa chifukwa cha kutsekeka mwadzidzidzi kwa mitsempha ya mtima, ndipo anapeza kuti amene anali ndi timitsempha tochepa pa retina anali achikulire, ambiri a iwo odwala BP ndi shuga, komanso mitima yawo inkakonda kukhala yofooka pa echo. Apa m'pamene pamafunika kuwerenga modekha, chifukwa zotsatira zimenezi zingalongosoledwe m'njira zingapo. Mwina zaka zambiri za shuga, BP, fodya ndi ukalamba zinawononga timitsempha ta thupi lonse, ta m'maso ndi ta mumtima momwe, moti diso likungoonetsa mbiri yakale ya munthuyo. Mwinanso mtima wofooka ukutumiza magazi ochepa, ndipo popeza makinawa amangoona magazi amene akuyenda pa liwiro lokwanira, kamtsempha kamene magazi akuyendamo pang'onopang'ono kamaoneka ngati kulibe, ngakhale kalipo. Retina imayesetsa kudziteteza ku zoterezi potakasa timitsempha take BP ikatsika, koma luso limeneli limachepa mwa odwala shuga. Ngati kulongosola koyamba kuli koona, chithunzicho chikutiuza zimene dokotala wa bambo akudziwa kale pongofunsa msinkhu ndi matenda awo. Ngati kwachiwiri kuli koona, chithunzicho ndi chithunzithunzi chabe cha chimene echo imayeza mwachindunji.

Kuti chiyezo chatsopano chilowe m'ntchito ya tsiku ndi tsiku, sikokwanira kuti chiziyendera limodzi ndi matenda. Chiyenera kuwonjezera nzeru pamwamba pa zimene ECG (chiyezo cha kagundidwe ka mtima), echo ndi chiyezo cha troponin m'magazi (choonetsa kuvulala kwa mnofu wa mtima) zanena kale, ndipo nzeruzo ziyenera kusintha chithandizo m'njira yopindulitsa wodwala. OCT angiography sinafike pamenepo pa nkhani ya mtima. Komanso nambala yake imagwedezeka ndi zinthu zambiri zosakhudzana ndi mtima: ng'ala, imene ndi yofala mwa odwala shuga a msinkhu wa bambowa, imachepetsa kuwala n'kuchititsa kuti timitsempha tioneke tochepa, kuphethira, kuuma kwa diso ndi kulephera kuyang'anitsitsa malo amodzi zimasokoneza chithunzi, ndipo diso la munthu wovutika kuona patali, limene limakhala lalitali, limapotoza kawerengedwe. Makina a Zeiss, a Topcon ndi a Heidelberg akhoza kupereka manambala osiyana pa diso lomwelo, ndipo palibe malire ogwirizanidwa, ofanana ndi 40 kapena 35 wa pa echo, amene dokotala wa mtima angatsamirepo.

N'kutheka kuti zimene mwana wanu anawerenga zinali za mapulogalamu a kompyuta a AI, pakuti ndi zimene zafala kwambiri m'nyuzi. Mu 2018 ofufuza a ku Google anaphunzitsa kompyuta ndi zithunzi za maso a anthu oposa 280,000, ndipo inatha kulosera bwino msinkhu wa munthu, ngati ali mwamuna kapena mkazi, ngati amasuta, ndiponso BP yake. Pa kulosera za matenda aakulu a mtima m'zaka 5, luso lake linali lapakatikati: mukaipatsa anthu awiri, wina amene anadzadwala ndi wina amene sanadwale, inkaloza woyenera maulendo pafupifupi 70 mwa 100, pomwe munthu wongoponya ndalama yachitsulo angaloze maulendo 50. Mu 2022 gulu la ku yunivesite ya Leeds linagwiritsa ntchito zithunzi za m'nkhokwe ya UK Biobank, yosunga mbiri ya zaumoyo ya anthu ambiri a ku Britain, poyerekezera kukula kwa chipinda cham'munsi cha kumanzere ndi chiopsezo cha heart attack, ndipo mu 2023 a ku Moorfields Eye Hospital ndi University College London anatulutsa RETFound, pulogalamu yophunzitsidwa ndi zithunzi za retina zokwana 1.6 miliyoni. Ntchito imeneyi ndimailemekeza, ndipo ndikuona kuti phindu lake lalikulu lidzakhala m'madera amene madokotala a mtima ndi ochepa, kumene kamera ya maso ingathandize kupeza anthu oyenera kuyezedwa BP ndi shuga. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 anapeza kuti ku Malawi munthu mmodzi mwa atatu a zaka 25 mpaka 64 anali ndi BP yokwera, ambiri a iwo osadziwa n'komwe. Komabe mapulogalamuwa anapangidwira kupeza amene angadwale m'tsogolo, pomwe bambo adwala kale ndipo ali m'gulu la chiopsezo chachikulu ngakhale diso litaoneka lokongola motani. Ndiwonjezerenso kuti anthu ambiri a mu UK Biobank ndi azungu, choncho pulogalamu yophunzira kumeneko iyenera kuyesedwa kaye pa maso a anthu akuda isanadaliridwe.

Pa nkhani ya ndalama, maganizo anga ndi awa. Ngati dokotala wa maso akufuna OCT kapena OCT angiography chifukwa cha diso lenilenilo, mwachitsanzo akukayikira kuti pakati pa retina patupa ndi madzi chifukwa cha shuga, lipirani mosazengereza, pakuti kutupa kumeneko kumachititsa khungu ndipo kuli ndi chithandizo. Ngati akukuuzani kuti chithunzicho chikuuzani za mtima, sungani ndalamazo kuti zithandize pa mankhwala, pa maulendo a kuchipatala ndi pa echo. Mfunseni dokotalayo funso limodzi: kodi zotsatira zikatuluka zoipa kapena zabwino, chisinthe n'chiyani pa chithandizo? Yankho lake likuuzani ngati chiyezocho n'choyenera.

Sindikufuna kuti mumve ngati zimene zapezeka m'maso a bambo n'zosafunika. Timitsempha towonda ndi chizindikiro chakuti BP yakhala ikukwera kwa nthawi yaitali, ndipo kuwonongeka kumene dokotala waona, mwa munthu wa shuga wa zaka 9, n'kutheka kwambiri kuti ndi shuga wafika pa retina. Zikatero ndi bwino kuganizira kuti timitsempha ta mu impso ndi ta m'mapazi takhudzidwanso, choncho pemphani kuti awayeze mkodzo ndi magazi a impso komanso awaone mapazi. Chiyezo cha impso chili ndi ntchito inanso, chifukwa mankhwala ena ofunika a mtima, monga enalapril ndi spironolactone, amakweza mchere wa potaziyamu m'magazi ndipo amafuna impso zoyang'aniridwa. Kafukufuku wa UKPDS wa ku Britain anasonyeza mu 1998 kuti kutsitsa bwino BP ndi shuga kumachedwetsa kuwonongeka kwa retina, choncho mankhwala amene akuteteza mtima wa bambo akutetezanso maso awo. Chenjezo laling'ono ndi lakuti shuga wokwera kwambiri akatsitsidwa mofulumira, retina yodwala kale ikhoza kuipirako kwa kanthawi, ndipo ichi ndi chifukwa chinanso chakuti dokotala wa maso ndi dokotala wa mtima azidziwitsana.

Kudziwitsanaku ndikukutsindika chifukwa ndi pamene ngozi zenizeni zimabisala. Munthu wa stent amamwa aspirin pamodzi ndi clopidogrel kapena ticagrelor, kawirikawiri kwa miyezi 12, ndipo kusiya mankhwalawa msanga kungachititse kuti magazi aundane mu stent, mtsempha n'kutsekekanso. Nthawi zina pa choyera cha diso pamatuluka banga lofiira la magazi limene limaopsa poliona koma limatha lokha, ndipo anthu ena amasiya mankhwala chifukwa cha banga limeneli. Musalole kuti bambo achite zimenezo, ndipo aliyense wofuna kuimitsa mankhwalawa chifukwa cha opareshoni ya ng'ala kapena chithandizo china ayambe walankhula ndi dokotala wa mtima. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa ETDRS anasonyeza kuti aspirin sawonjezera kuchucha kwa magazi mkati mwa diso la wodwala shuga. Mbali inayo, mankhwala a m'maso nawonso amafika ku mtima. Madontho a timolol, amene amaperekedwa pa matenda a maso otchedwa glaucoma, amalowa m'magazi ndipo angachedwetse kugunda kwa mtima mwa munthu amene akumwa kale mankhwala a mtima a carvedilol kapena bisoprolol. Madontho amphamvu a phenylephrine otakasira kamwana ka diso angakweze BP. Jakisoni wa m'diso wa mankhwala monga bevacizumab, amene amachiza kutupa kwa retina, amafuna kuti madokotala akambirane kaye ngati munthu wangodwala kumene heart attack.

Pali chizindikiro chimodzi cha m'maso chimene chimanena za mtima mwachindunji, ndipo ichi nonse pakhomo muchidziwe. Khoma la mtima likasiya kufinya, makamaka lakutsogolo, magazi akhoza kuundana mkati mwa chipinda cham'munsi cha kumanzere chija, ndipo kachidutswa kakanyotsoka kamatha kukwera m'khosi n'kukatseka mtsempha wa retina kapena wa ubongo. Zimenezi zimachitikanso mtima ukayamba kugunda mosalongosoka. Bambo akadzanena kuti diso limodzi lachita mdima mwadzidzidzi popanda ululu, ngati wina watsitsa katani, ngakhale mdimawo utachoka pakapita mphindi zochepa, athamangireni ku chipatala cha zangozi nthawi yomweyo, osadikira tsiku la kiliniki ya maso. Bungwe la American Heart Association linanena momveka mu 2021 kuti kutsekeka kwa mtsempha waukulu wa retina ndi mtundu wa sitiroko, ndipo kuyenera kuthamangiridwa mofanana.

M'masabata amene atsala echo isanachitike, chimene chingakweze nambala ya 38 chili m'manja mwanu ndi mwa dokotala wa mtima. Mankhwala olimbitsa mtima amayambidwa pa mlingo wochepa n'kumakwezedwa pang'onopang'ono, ndipo odwala ambiri amatsalira pa mlingo woyambira chifukwa chakuti sanabwerere kukaonedwa, choncho pa ulendo uliwonse funsani ngati mlingo ungakwezedwe. Funsaninso za empagliflozin kapena dapagliflozin, mankhwala a shuga amene asonyeza kuti amachepetsa kugonekedwa m'chipatala chifukwa cha kufooka kwa mtima, komanso onetsetsani kuti atorvastatin kapena mankhwala ena otsitsa mafuta akumwedwa tsiku lililonse. Ngati bambo amasuta, fodya asiyiretu. Mchere muchepetse m'ndiwo, ndipo mupemphe kuti awalembetse ku maphunziro olimbitsa thupi a odwala mtima, amene zipatala zina zikuluzikulu zimachititsa. Gulani sikelo kuti azidziyeza m'mawa uliwonse: akawonjezera makilogalamu 2 m'masiku 3, mapazi akayamba kutupa, kapena akamalephera kugona chagada chifukwa cha befu, ndiye kuti madzi akudzaza m'thupi ndipo aonedwe tsiku lomwelo.

Tsiku la echo likafika, tengani lipoti la dokotala wa maso, mabotolo a madontho ngati alipo, ndi mapaketi onse a mankhwala amene akumwa. Pemphani kuti akuuzeni nambala yatsopano ndi kuilemba m'buku la bambo pafupi ndi 38 uja, ndipo funsani ngati mkati mwa chipinda muli magazi oundana komanso ngati khoma limene linakomoka layambanso kuyenda. Kope la zotsatirazo mudzapite nalo kwa dokotala wa maso pa ulendo wotsatira, ndipo musachoke kumeneko asanakupatseni tsiku lodzajambulanso retina.